Matumba a Diresi la Mwana Wanga

Ine ndikamachapa zovala za ana ndimayamba ndapisa m'matumba. Si ukhondo ayi, ndi mantha. Tsiku loyamba limene ndinapisa m'thumba la diresi la mwana wanga wamkulu, dzanja linatuluka litadzaza nyerere. Munali kachidutswa ka mbatata yophika, kataphwanyika, katayamba kale kununkha. Ndinangoti waiwala, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amaiwala. Ndinakaponyera nkhuku n'kupitiriza kuchapa.

Mawa lake munali makaka. Tsiku linalo theka la chitumbuwa. Kenaka mutu wa usipa wokulunga m'pepala la m'kope lake la kusukulu. Apa ndinadziwa kuti si kuiwala.

Zinayamba titabwerera kwathu ku Jenala kuchokera kukampu. Chaka cha madzi osefukira chija nyumba yathu inagwa, ndipo tinakhala miyezi ingapo m'kalasi pasukulu ina, mabanja ambirimbiri, kudya kamodzi pa tsiku, tsiku lina osadya n'komwe. Za kumeneko sindikonda kuzifotokoza. Chimene ndinganene n'chakuti tinabwerako tonse anayi amoyo: ine, bambo a ana, mtsikana wangayu, ndi mlongo wake wamng'ono amene nthawi imeneyo anali atangosiya kuyamwa. Tinamanganso, tinalimanso, nandolo anabereka. Chakudya chinabwerera m'nyumba, koma mwanayu ankadyabe theka, theka linalo n'kubisa.

Ndinayesa zonse, abale. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinamenyako kamodzi, Mulungu andikhululukire. Ndinatenga singano n'kusoka matumba a madiresi ake onse atatu, tsekeretu. Iye anayamba kubisa m'sokosi, m'chikwama cha mabuku, kuseri kwa mtsuko wa madzi. Makoswe anatidziwa. Ndikamufunsa kuti, "Iwe, ukubisiranji chakudya?" ankangoyang'ana pansi, chala chakuphazi chikukanda dothi. Mwanayu anatengera bambo ake, pakamwa ndi polemera.

Atadwala malungo ndinapita naye kuchipatala. Namwino anamukweza pasikelo, anayang'ana m'buku, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu mukumudyetsa?" Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ine? Ine amene ndimadzuka nkhuku zisanatsike kuti ana amwe phala? Koma ndikanayankha chiyani, timikono ta mwana tili ngati mapesi? Ndinatuluka osatsazika. M'njira ndinazindikira kuti chibwerereni kukampu sindinamvepo mwanayu akunena kuti "ndakhuta". Wamng'onoyo ankanena tsiku lililonse, akusisita chimimba chake. Wamkuluyu ayi.

Pa Boma panali patatsegulidwa malo ena odyera, nthawi imene anthu a m'mabungwe anachuluka kuno. Ankaphika za maiko osiyanasiyana: pitsa, mpunga wa Amwenye, nkhuku yootcha ya tsabola ngati ya ku Mozambiki, buledi wa nyama pakati. Ndikapita kumsika ndinkadutsapo, n'kumaona pagalasi anthu akudzuka pa tebulo chakudya chili m'mbale, osacheuka n'komwe. Zinkandinyansa. Koma tsiku limene ndinkachokera kuchipatala lija ndinaima pagalasipo kanthawi, ndipo nzeru inandibwerera. Ndinati mwana wanga akhale pamenepa, aone ndi maso ake kuti chakudya chilipo padziko, choti munthu amadya mpaka kutopa nacho. Akaona zimenezo asiya kubisa.

Bambo a ana atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu mayi a ana, mwadwala? Mukadye za azungu? Ndiye foloko mukaigwira chakuti?"

"Ndikaigwira mmene ndimagwirira khasu."

"Mukatichititsa manyazi. Phikani kalongonda ana adye kuno."

"Kalongonda ndinaphika sabata yatha, ndinamupeza m'sokosi. Ine ndikupita. Inu ngati mukuopa foloko tsalani ndi mbuzi."

Anatsaladi ndi mbuzi. Anangoti tiwabweretsereko fungo.

Tinapita Loweruka lina nditagulitsa nandolo. Ndinawasambitsa ana mpaka kuwala, n'kuwadzoza mafuta. Mtsikana ndinamuveka diresi lake lachikasu la kutchalitchi, la matumba osoka lija, ndi nsapato zopanda sokosi. Ndinaganiza kuti ndamutsekera njira zonse. Tinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenaka minibasi. Wamng'onoyo anaimba njira yonse, wamkuluyo anangoyang'ana phiri la Michesi pawindo, pomwe pakuonekabe zipsera zimene madzi anasiya.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo ndinaima kaye n'kumanga chitenje bwinobwino. Mtima unkati bwerera, miyendo ndinaikakamiza. Ndinakankha chitseko cha galasi, sichinatseguke. Ndinakankhanso ndi phewa. Mtsikana wina woperekera zakudya, wovala epuloni yofiira, anabwera n'kundilozera kuti ndikoke. Ndinakoka, tinalowa, ndipo ndinayenda ngati ndimabwera tsiku lililonse.

Munali matebulo mwina asanu ndi atatu, nyimbo zachilendo zikulira pansipansi, fani ikuzungulira kudenga. Pakona panali azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ofiira ndi dzuwa, nsapato zawo zili matope okhaokha a kuphiri. Tebulo lina panali abambo atatu a ku ofesi. Mtsikana wa epuloni uja anatipatsa tebulo la pawindo, ndipo mwa ulemu wake anabweretsa kampando kakatali ka mwana, ka malamba, koti wamng'onoyo akhalepo.

Mayo ine! Mwana atangoona malamba aja anakuwa ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Iye ankaona ngati ndi sikelo ya kuchipatala, ndipo amadziwa kuti pambuyo pa sikelo pamabwera jakisoni. "Toto jakisoni! Toto!" Anandigwira m'khosi, miyendo ikupalasa. Nyumba yonse inatembenuka. Abambo a ku ofesi aja anasiya kutafuna. Ine thukuta kamukamu, koma ndinati ngakhale akuwe mpaka denga lisasuke, pano sindichoka.

"Achemwali, chotsani chimpandocho," ndinatero. "Akhala pamwendo."

Anachotsa akuseka, n'kutipatsa chipepala cha zakudya chokhala ndi zithunzi. Mayina akewo sindinalimbane nawo. Ndinaloza ndi chala: pitsa yaikulu ya nkhuku, tchipisi mbale imodzi, juwisi awiri.

"Nanga inu mayi?" anafunsa mtsikanayo.

"Ine ndadya kale. Mungondipatsa madzi."

Mawu amenewa anatuluka okha, mmene amatulukira masiku onse. Sindinawamve n'komwe. Ndinangoona mwana wanga wamkulu wadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kenaka n'kuweramanso.

Kudikira kunali ntchito ina. Kwathu mwana akaona anthu akudya sadikira kuitanidwa kawiri, ndipo palibe amadya mwana ali chiimire pambali. Ndikumwa madzi, wamng'onoyo anatsetsereka pamwendo, ulendo kwa azungu aja. Ndisanamugwire anali atagwada kale pafupi ndi tebulo lawo, manja awiri atatambasula, mwaulemu wake wonse monga ndinamuphunzitsira. Mzungu wamkaziyo anasokonezeka, anayang'ana mwamuna wake, kenaka anaika katchipisi kamodzi m'manjamo. Mwana anati "zikomo", anadya ali chigwadire, n'kutambasulanso. Ndinakamunyamula ngati thumba la ufa, ndikupepesa m'Chichewa, iwo akuyankha m'Chizungu, tonse tikuseka koma ine manyazi akundidya.

Pobwerera ndinamunong'oneza wamkulu uja. "Taona tebulo ilo. Waona abambo aja asiya mpunga m'mbale? Waona? Kuno chakudya sichitha. Udye mpaka ukhute, chikachepa tiitanitsa china."

Anangogwedeza mutu.

Pitsa inabwera pathabwa lozungulira, yaikulu ngati lichero laling'ono, itadulidwa kale, utsi uli tolotolo. Foloko ndi mpeni ndinazikankhira pambali, pamenepo bambo a ana ananena zoona. Ndinapemphera mwachidule, n'kuyamba kugawa: ichi cha iwe, ichi cha iwe. Nditakoka chidutswa, tchizi chinatamuka ngati ulimbo, wamng'onoyo anaseka mpaka dovu kutuluka. Anadzipaka tomato sosi kumaso konse, anagwetsa juwisi theka, anayesa kudya pepala lopukutira m'manja. Ine ndinali kalikiliki, kupukuta apa, kuuzira apo, kutola zagwa pansi.

Koma diso limodzi linali pa mtsikana wanga. Anadya chidutswa choyamba pang'onopang'ono mpaka kumaliza. Mtima wanga unayamba kuvina. Anatenga chachiwiri, analuma kamodzi. Nthawi yomweyo wamng'onoyo anatsamwa ndi tchipisi, ndinatembenuka kumumenya pamsana. Pobwezanso maso, mbale ya mtsikana inali yoyera, iye atakhala mowongoka, manja ali pamwendo.

"Wamaliza kale?"

"Eya."

Ndinafuna kukhulupirira. Ndinamuikira chachitatu. Koma ndikuyang'ana, pachifuwa pa diresi lachikasu lija panayamba kuoneka banga la mafuta, likukula pang'onopang'ono. Anali atalowetsa chidutswa chija pakhosi pa diresi, chotentha chomwecho, chili pakhungu.

Asa! Magazi anandithamangira kumutu. Ulendo wonse uja, manyazi onse aja, kuti adzachite zomwezo pamaso pa anthu? Ndinabereka wamng'onoyo kumbuyo mwamphamvu, ndinamugwira mtsikana padzanja n'kumukokera kuseri, kumene kunali mpopi wosambira m'manja. Ndinapisa m'diresi n'kutulutsa chidutswacho chitapindika, tchizi chitamatirira pansalu. Pachifuwa pake panali patafiira.

"Wadziwotcha! Waona? Wadziwotcha chifukwa cha chiyani? Chakudya chadzaza tebulo, iwe ukubisa ngati wakuba! Ukufuna anthu azinena kuti amako sakudyetsa? Ukufuna ufe?"

Anayang'ana pansi. Nsapato inayamba kukanda simenti.

"Lero undiyankha. Sitichoka pano. Minibasi zithe, tigona pompano, koma undiyankha. Ukusungira ndani?"

Miyezi yonse ija ndinkamufunsa kuti ukubisiranji. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kufunsa mwamtundu wina tsiku limenelo. Anadzutsa mutu.

"Inu," anatero.

"Ine?"

"Inu simunadye."

"Ine ndadya kale, sunamve?"

"Mukunama, amayi." Sanakweze mawu. "M'mawa simunamwe phala. Munangonyambita chipande. Kukampu munkanenanso choncho, kuti ndadya kale, koma ine ndinkakuonani. Tsiku lija munagwa pamzere wa ufa."

Ndinagwira mpopi. Za kugwa pamzere ndinkaganiza kuti palibe mwana anaona. Azimayi anzanga anandithira madzi, ndinadzuka, ndinalandira ufa, basi. Sindinauze ngakhale bambo ake.

"Nanga bwanji sumandipatsa?" ndinafunsa.

"Ndikakupatsani mumam'patsa uyu." Analoza mlongo wake kumsana kwanga. "Ndiye ndimadikira mukhale nokha. Koma mumazipeza n'kupatsa nkhuku."

Abale, ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. A pachitseko cha galasi aja, a kugwada kwa mwana aja, anali masewera. Ndinamenya mwana chifukwa chondisungira chakudya. Ndinasoka matumba ake. Ndipo sankanama ayi. Amayi anga ankadya pomaliza, zotsala za ana, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti mayi ndi wotero. Kukampu ndinangowonjezera, ndipo titabwerako sindinasiye. Ndinkagawira onse, ndinkati ndidya pambuyo, pambuyo pake n'kupeza ntchito ina. Ndinkaona ngati ndi chikondi, osadziwa kuti pali munthu akuwerenga mbamu zanga.

Kulira ndinafuna, koma ndinati kulira sikudyetsa mwana. Ndinamuthira madzi ozizira pachifuwa, ndinamupukuta ndi chitenje. Kenaka ndinatenga chidutswa chopindika chija, chofunda ndi thupi lake, n'kuluma iye akuona.

Ndinene zoona, sichinandikomere. Tchizi chija kwa ine chinali ngati mkaka wosasa wothira mchere. Ndinatafuna, ndinameza, ndinalumanso mpaka chinatha.

"Tiye," ndinatero. "Sitinamalize."

Titakhalanso pa tebulo ndinakodola mtsikana wa epuloni uja.

"Achemwali, ndinakunamizani. Sindinadye. Mundipatse nkhuku ya tsabola ija ndi mpunga. Mbale yanga ndekha."

Anayang'ana banga la pa diresi la mwana, anayang'ana ine. Anangoti, "Ikubwera, mayi," ndipo anabwera nayo msanga kuposa pitsa ija.

Ndinasamba m'manja n'kuyamba. Mwana wanga wamkulu anasiya zonse, anaika zigongono pa tebulo, maso ali pakamwa panga. Dzanja likanyamuka m'mbale, maso ake ankanyamuka nalo. Sindinadyepo chakudya movutika chotero. Tsabola ankawotcha, mphuno ikuchucha, koma vuto silinali limenelo. Vuto linali dzanja langa lomwe. Nditang'amba mnofu wabwino wa pantchafu, dzanja linapita lokha kumbale ya ana. Ndinalibweza panjira.

Wamng'onoyo ataona nkhuku anataya pitsa yake n'kutambasula dzanja. "Amayi, nyama!" Mchemwali wake anamumenya padzanja, phwa!

"Za amayi izo. Idya zako."

Mwana analira. Chilichonse m'thupi mwanga chinkati m'patse, kanthu kakang'ono, ndi mwana. Azungu aja ankayang'ana, abambo a ku ofesi ankayang'ana, ndipo ndikudziwa chimene ankaona: mayi wosusuka akudya nkhuku mwana akulira pamwendo. Aganize zimene akufuna. Ndinamukankhira tchipisi wake pafupi, ndinamupukuta misozi ndi dzanja lamanzere, lamanja likupitiriza ntchito. Ndinadya mnofu, ndinadya khungu, ndinaphwanya fupa n'kuyamwa mafuta a m'kati. Mpunga ndinausesa wonse. Mimba imene inazolowera zochepa inayamba kudandaula pakati pa ulendo, koma ndinaiuza kuti lero ukhala chete.

Nditamaliza ndinakankha mbale n'kutsamira kumpando.

"Ndakhuta," ndinatero.

Mtsikana wanga sanandikhulupirire msanga. Anatsika pampando, anazungulira tebulo, n'kuika kadzanja kake pamimba panga, kudinikiza, mmene ndimachitira ine ndikafuna kudziwa ngati iwo adya. Anadinikiza kawiri. Kenaka anabwerera pamalo pake, anakoka thabwa la pitsa, n'kuyamba kudya.

Koma ndiye anadya mwana! Pitsa inali itazizira, tchizi chitauma, iye analibe nazo ntchito. Zidutswa ziwiri, tchipisi wotsala, juwisi wake yense. Sindinamuuze kuti fulumira kapena chepetsa. Ndinangokhala, wamng'onoyo atagona pachifuwa panga ndi tomato sosi wake kumaso, ndikuonerera nsagwada za mwana wanga zikugwira ntchito. Pa chidutswa chachitatu anafika pakati n'kuima. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lake likupita kukhosi kwa diresi, kenaka likubwerera.

Mtsikana wa epuloni anabwera ndi kabokosi. "Zotsalazi ndikuikireni?"

Mwana anandiyang'ana, kudabwa kuti kunonso anthu amasunga chakudya, poyera, m'bokosi.

"Ikani," ndinatero. "Tikawapatse bambo ake. Anapempha fungo."

Mtsikana wangayo ndi amene ananyamula bokosilo pamwendo njira yonse. Mawu aja oti "ndakhuta" sananene tsiku limenelo, ndisaname. Bambo ake analawa pitsa, anakwinya nkhope, anati azungu akuvutika, n'kumaliza yonse.

Mawa lake titachoka kutchalitchi ndinatenga lezala n'kusomola ulusi wa m'matumba onse amene ndinasoka. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimadziikira mbale yanga pamodzi ndi za ana, yodzaza, n'kukhala pansi kudya iwo akuona. Alamu anga atandipeza tsiku lina ndikudya ndiwo zisanafike kwa achimwene awo, bambo a ana, anati ndataya mwambo. Ndinawauza kuti akhale pansi adye nawo, kapena apite akandinene kumene akufuna. Masiku ena chakudya chimachepa, pakuti ndife alimi. Chikachepa timachepetsa tonse mofanana, ndipo ndimanena zoona kuti lero sitikhuta. Zoti ndadya kale ndinasiya.

Sizinathe tsiku limodzi. Sabata yotsatira ndinapeza chinangwa m'thumba. Sindinapatse nkhuku. Ndinamuitana, ndinachitsuka, ndinadya iye akuona. Patapita masiku ndinapezanso mtedza, ndinachitanso chimodzimodzi. Kenaka masabata angapo m'matumba munalibe kanthu, koma ine ndinkapisabe ndi mantha omwe aja.

Tsiku lina m'mawa ndili pa mjigo ndinanyamula diresi lachikasu lija, banga la mafuta likuonekabe pachifuwa, ndipo ndinamva kulemera mbali imodzi. Mtima unagwa. Ndinati tayambiranso. Ndinapisa dzanja pang'onopang'ono, ndikuyembekezera nyerere.

Munali timiyala tosalala, tosankhidwa bwino, ta phada.

Ndinakhala pansi pa simenti yonyowa, timiyala tili m'manja, ndipo kulira kumene ndinakubweza kuseri kwa malo odyera kuja kunabwera konse. Azimayi anzanga anasiya kupopa madzi n'kufunsa chimene chachitika. Ndinawauza kuti palibe, mwana wanga wayamba kusewera.